Singano, Zitsamba, Ulusi Kapena Ululu wa Njuchi: Kusankha Njira za ku Korea Zochizira Tsitsi, Khungu ndi Nkhope

Ku South Korea munthu akadwala amakhala ndi makomo awiri oti agogodepo, ndipo onse ndi ovomerezeka ndi boma. Khomo lina ndi la dokotala wa chipatala monga timawadziwira. Linalo ndi la hanuisa, dokotala wa mankhwala a makolo a dzikolo, amene kachipatala kake amakatcha hanuiwon. Hanuisa si munthu wongokumba mizu kuthengo. Amaphunzira zaka 6 kuyunivesite, monga pa Kyung Hee University ku Seoul, amalemba mayeso a boma, ndipo ntchito yake inalowa m'malamulo a dziko mu 1951. Kuyambira mu 1987 inshuwalansi ya boma imalipirako munthu akabayidwa tisingano towonda topanda mankhwala, akafunditsidwa ndi chitsamba chofuka kapena akalumikidwa. Mwa nthambi 8 za ukatswiri wawo pali ina yoona za maso, makutu, mphuno, pakhosi ndi khungu, ndipo nkhani za dazi, ziphuphu ndi kuyabwa zimagwera kumeneko.

Masiku ano njira zimenezi zatuluka m'dziko lawo. Zili m'mavidiyo a pa foni, m'mashopu a pa intaneti, ndi pa mabotolo a shampu ojambulidwa muzu wa ginseng amene abale athu amagula ku Johannesburg ndi ku London. Funso limene anthu amafunsa ndi lakuti, "Kodi zimathandiza?" Ine ndimaona kuti funso loyamba likhale lina: ndikayesa njira imeneyi kwa miyezi itatu n'kulephera, ndikhala nditataya chiyani? Pa matenda ena mungotaya ndalama. Pa ena mutaya tsitsi limene silidzameranso, khungu losalala, kapena diso.

Mmene hanuisa amaonera thupi

Mukalowa mu hanuiwon kukadandaula za tsitsi, musadabwe akayamba kukufunsani za tulo. Akufunsani ngati mapazi amazizira usiku, ngati nkhope imatentha mukakwiya, ngati m'mimba mumayenda bwino, ndipo ngati ndinu mayi akufunsani za kusamba kwa mwezi. Akugwirani pamkono ndi zala zitatu kuti amve kugunda kwa mtsempha, akuuzani kuti mutulutse lilime, kenako akuikani kakamera pamutu n'kukuonetsani pa kompyuta timabowo ta tsitsi lanu, tina tili ndi tsitsi litatu lonenepa, tina kamodzi kowonda ngati ka khanda.

Maziko a zonsezi ali m'buku la Dongui Bogam limene Heo Jun, sing'anga wa kunyumba ya mfumu, anamaliza kulemba mu 1610. Linasindikizidwa mu 1613 m'zigawo 25, ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa zolembedwa zofunika kusungidwa mu 2009. Bukuli limati tsitsi ndi zotsala za magazi ndipo limayendera mphamvu ya impso. Magazi akachepa kapena "akatentha", tsitsi limauma n'kuyoyoka. Ma hanuisa a masiku ano amakonda kunena za kutentha kumene kwakwera kumutu pamene kumunsi kwa thupi kwazizira, ndipo cholinga chawo chimakhala kutsitsa motowo. Ena amatsata chiphunzitso cha Lee Je-ma cha mu 1894, chimene chimagawa anthu m'magulu anayi a chibadwa: Taeyangin, Taeeumin, Soyangin ndi Soeumin. N'chifukwa chake anthu awiri a vuto lofanana amatuluka ndi mankhwala osiyana.

Chimene ndimachilemekeza pamenepa n'chakuti munthu amamvetseredwa. Tulo, nkhawa, mowa ndi kadyedwe zimakhudzadi khungu ndi tsitsi, ndipo dokotala wa pa mzere wautali nthawi zambiri alibe mpata wozifunsa. Koma kafotokozedwe ka "kutentha kwa kumutu" kali ndi ngozi yake: kamatha kusonkhanitsa matenda osiyana kotheratu m'dengu limodzi.

Tsitsi: yambani mwadziwa kuti lathothoka bwanji

Munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, ndipo tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Likayamba kuoneka lochepa, zifukwa zake zimasiyana.

Dazi la kumtundu, lija loyambira m'mbali mwa chipumi kapena paliwombo, limabwera chifukwa cha homoni yotchedwa DHT imene imafinya mizu ya tsitsi pang'onopang'ono mpaka kuifooleratu. Pali kuthothoka kwa mutu wonse kumene kumabwera patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu atabereka, atadwala kwambiri, atachitidwa opaleshoni kapena ataferedwa. Kumeneku nthawi zambiri kumasiya kokha m'miyezi pafupifupi 6. Pali timadazi tozungulira, tosalala, tobwera mwadzidzidzi chifukwa chitetezo cha thupi chaukira mizu ya tsitsi. Tikakhala tating'ono, tambiri timameranso tokha chaka chisanathe. Ndiye pali zina zimene kwathu kuno n'zofala kuposa ku Seoul: tsitsi la kutsogolo lothothoka chifukwa cholukitsa mothina zaka ndi zaka, chipere cha pamutu mwa ana, ndi dazi la zipsera loyambira pakati pa mutu limene limakonda amayi a khungu lakuda. Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro ndi chindoko nazonso zimathothola tsitsi.

Taonani chimene chimachitika. Mayi amene tsitsi likuyoyoka atabereka akamwa mankhwala azitsamba kwa miyezi inayi, tsitsi limera, ndipo iye ayamikira mankhwalawo ndi mtima wonse. Sakunama. Koma tsitsilo likanamera ndithu. Umboni wambiri umene mumaona pa zithunzi za "kale ndi tsopano" umachokera m'magulu awiri ochira okha aja: kuthothoka kwa mutu wonse ndi timadazi tozungulira.

Njira yaikulu ya hanuiwon ndi hanyak, mankhwala owiritsa. Sakupatsani mizu yoti mukaphike nokha ayi. Amawiritsa m'makina n'kuthira madziwo m'timapaketi tapulasitiki totsekedwa, tokwana kumwa kamodzi. Mumatenga bokosi lonse, n'kumaviika kapaketi m'madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Madzi ake ndi oderapo, owawa, a fungo la dothi lonyowa. Pa nkhani ya tsitsi mumakhala mizu monga jihwang, danggwi ndi hasuo. Inshuwalansi ya boma silipira hanyak wa dazi, choncho ndalama yonse imatuluka m'thumba mwanu, ndipo pamwezi imafika ma won (ndalama za ku Korea) masauzande mazana angapo.

Pa dazi la kumtundu, hanyak alibe umboni wolimba wofanana ndi wa mankhwala a chipatala. Minoxidil wodzola anavomerezedwa ku America mu 1988, finasteride wa 1 mg mu 1997, ndipo South Korea yeniyeniyo inavomereza dutasteride pa dazi la amuna mu 2009. Awiri omalizawa amatsekereza thupi kupanga DHT. Ali ndi zovuta zawo: amuna owerengeka pa 100 alionse amadandaula kuti chilakolako cha m'nyumba chachepa, mayi woyembekezera sayenera kuwamwa kapena kugwira mapiritsi osweka, ndipo mukasiya, tsitsi limene munapulumutsa limapita chaka chisanathe. Zimenezi n'zimene zimathamangitsira anyamata ambiri a ku Korea ku hanuiwon, ndipo mantha awo ndimawamvetsa. Dziwani kuti hanuisa saloledwa kukulemberani finasteride. Mukasankha khomo lake lokha, mwasankha kukhala opanda mankhwalawo. Muzu wa tsitsi ukafa wafa. Mnyamata wa zaka 25 amene dazi likuthamanga akatha zaka ziwiri akumwa zitsamba zokha, sadzabwerera pamene anayambira. Nkhaniyi ndi yaikulu ku Korea moti pa kampeni ya chisankho cha pulezidenti mu 2022, Lee Jae-myung, mmodzi mwa opikisana, analonjeza kuti inshuwalansi ya boma iyambe kulipirako mankhwala a dazi.

Hasuo ndiyenera kumuchedwerapo, chifukwa ndi iye amene amagulitsidwa kwambiri pa intaneti ngati mankhwala a tsitsi ndi imvi. Muzu umenewu umadziwika kuti umatupitsa chiwindi mwa anthu ena, ndipo bungwe loona za mankhwala ku Britain linachenjeza za iwo mu 2006. Pali chomera china cha dzina lofanana, baeksuo, chimene chinabweretsa chipwirikiti mu 2015: bungwe loteteza ogula la Korea Consumer Agency litayeza zinthu 32 zogulitsidwa m'dzina la baeksuo, linapeza kuti zitatu zokha n'zimene zinali zenizeni, zambiri zinali ndi chomera china chotchipa. Kunena chilungamo, zimenezo zinali zakudya zowonjezera thanzi za m'mashopu, osati mankhwala a mu hanuiwon, amene amayenera kuchokera ku mafakitale oyenderedwa ndi boma. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa ife akutali. Chimene mungaitanitse pa foni si chimene hanuisa amapereka atakuonani maso ndi maso.

Amene akufuna kumwa hanyak kwa miyezi, ayezetse magazi a chiwindi asanayambe, n'kubwerezanso pakapita milungu ingapo. Hanuiwon yabwino siikana zimenezi. Amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, komanso amene ali ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, asayambe asanalankhule ndi dokotala amene amawapatsa mankhwalawo. Mkodzo ukada, maso akachita chikasu, kapena mseru ukakana kutha, siyani tsiku lomwelo n'kupita kuchipatala mutanyamula kapaketi kamodzi.

Singano za pamutu, zimene amazitcha chim, ndi njira yofatsa kwambiri pa zonse. Tisingano take ndi towonda ngati tsitsi, togwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, ndipo amatisiya mphindi 15 kapena 20. Choipa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kadontho ka magazi kapena kabala kakang'ono. Sizingagonjetse DHT. Koma kwa munthu amene tsitsi likuyoyoka chifukwa cha nkhawa, khosi laumirira, tulo tasowa, sindiona cholakwika kuti ayese ngati thumba likulola. Palinso kachipangizo ka tisingano tambirimbiri kobaya khungu la pamutu mosalowa kwambiri. Kameneka kali ndi umboni pang'ono: mu 2013 madokotala a ku Mumbai anayesa amuna 100 n'kupeza kuti amene ankabayidwa mlungu uliwonse uku akudzola minoxidil anamera tsitsi lochuluka kuposa odzola minoxidil yekha. Onetsetsani pamenepo kuti magulu onse awiri ankadzola minoxidil.

Yakchim ndi kubaya madzi a zitsamba, nthawi zina otengedwa ku nsengwa ya mwana, m'malo a singano ndi jakisoni wamng'ono. Apa ndimakayika kwambiri. Chinthu cholowa pansi pa khungu chiyenera kukhala choyera kotheratu, ndipo madzi ambiri a yakchim amakonzedwa m'malo ophikira mankhwala a ma hanuiwon, osadutsa m'mayeso onse amene jakisoni wa kufakitale amadutsamo. Funsani kuti akubayani chiyani ndipo chakonzedwa kuti.

Mashampu monga Ryo ndi Daeng Gi Meo Ri ndi sopo wabwino wa kumutu, ndipo amathandiza mfundu ndi mafuta ochuluka. Kuyambira mu 2017 malamulo a ku Korea amaika mashampu a dazi m'gulu la zodzoladzola zochepetsa zizindikiro, osati mankhwala ochiza. Mukawerenga kuseri kwa botolo mupeza kuti zimene zawapatsa chilolezocho nthawi zambiri ndi dexpanthenol, salicylic acid ndi menthol, osati ginseng wa pachithunzi.

Mwana wa chipere cha pamutu asayesedwe chilichonse cha zimenezi. Amafunika mankhwala akumwa opha bowa, monga griseofulvin, kwa milungu ingapo. Zodzola zokha sizifika pa muzu, ndipo kuchedwa kumasiya dazi la chipsera. Tsitsi lothothoka chifukwa cha malukidwe limafuna kupumitsidwa msanga, mizu isanafe.

Khungu loyabwa ndi ziphuphu

Pano ndi pamene hanuiwon ili ndi malo okulirapo, chifukwa matenda ake ndi okhalitsa, obwera n'kupita. Ku Korea chikanga choyabwa cha ana ndi akulu amachitcha atopi, ndipo makolo ambiri amaopa mafuta a steroid, mankhwala a chipatala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa. Hanuisa amapereka mankhwala akale monga Sopung-san pa kuyabwa, Hwangnyeonhaedok-tang pa khungu lofiira lotentha, ndi Oncheong-eum pa khungu louma lokakala. Umboni wake ndi wochepa mphamvu. Mu 2013 bungwe la Cochrane, limene limaunika umboni wa mankhwala, linasanthula zofufuza 28 za mankhwala azitsamba a ku China, amene ndi achibale a amenewa, ndipo silinapeze umboni wokhutiritsa wakuti amachepetsa chikanga. Izi sizikutanthauza kuti palibe amene amapezako bwino. Zikutanthauza kuti palibe amene angakulonjezeni. Khungwa la muzu wa baekseonpi, limene limalowa m'mankhwala ena a khungu, nalonso limadziwika kuti limavulaza chiwindi, choncho za kuyezetsa magazi zija zikugwiranso ntchito kuno.

Pa zonse za khungu, chimene ndingachivomereze mosavuta ndi jaungo. Ndi mafuta ofiirira moderako, opangidwa ndi muzu wa jacho, danggwi, mafuta a chitowe ndi phula la njuchi. Kapangidwe kake kanakonzedwa ndi dokotala wa ku Japan, Hanaoka Seishu, kuchokera ku mafuta akale a ku China. Amanunkhira chitowe, amadetsa zovala ndi mapilo, koma amatchinga khungu louma ndi long'aluka kuti lisataye madzi, ndipo imeneyo ndi theka la nkhondo yolimbana ndi chikanga. Yesani kaye pamalo aang'ono kuseri kwa mkono kwa masiku awiri. Musapake pabala lotuluka mafinya kapena madzi.

Chenjerani ndi mafuta "azitsamba" ochiza mofulumira modabwitsa. Mu 1999 madokotala a ku London anayeza mafuta 11 a zitsamba za ku China amene odwala awo ankadzola, ndipo 8 anapezeka ndi dexamethasone, steroid wamphamvu, wosalembedwa pa chibotolo. Ena mwa odwalawo anali ana, ndipo mafutawo ankapakidwa kumaso. Anthu amene anathawa steroid wa kuchipatala, woyezedwa mlingo, ankadzola steroid wobisika. Ife tikudziwa kale chimene mafuta oyeretsa khungu a pamsika amachita pa masaya: khungu lopyapyala, timitsempha toonekera, ziphuphu zosatha. Ngati kuyabwa kwa zaka kwatha usiku umodzi ndi mafuta opanda dzina la wopanga, kayikirani.

Pali mawu amodzi amene mukawamva muyenera kuimirira: myeonghyeon. Ogulitsa ena, ndi asing'anga ena osasamala, amati matenda akakula mutayamba mankhwala ndiye kuti poizoni akutuluka, pirirani. Mu 2017 dziko la Korea linagwedezeka ndi gulu la pa intaneti lotchedwa Anaki, lotsogozedwa ndi hanuisa wina, limene linkalimbikitsa makolo kulera ana popanda mankhwala a chipatala ndi katemera. Zithunzi za ana a atopi okhala ndi nkhanambo nkhope yonse zinakwiyitsa anthu, bungwe la ma hanuisa linadzipatula ku zimenezo, ndipo mtsogoleriyo anapezeka wolakwa kukhoti. Khungu la chikanga likayamba kutuluka madzi, kuchita nkhanambo zachikasu kapena timatuza tambiri topweteka, mwana n'kutentha thupi, ndiye kuti majeremusi alowa. Ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe.

Pa ziphuphu za kumaso, hanuiwon imaphatikiza kufinya ziphuphu ndi zida zoyera, singano, zosenda khungu za zitsamba, ndi mankhwala akumwa monga Cheongsangbangpung-tang. Ngati ziphuphu ndi zazing'ono, zapamwamba, palibe changu. Sankhani chimene mukuchikonda, ngakhale kuti benzoyl peroxide ndi adapalene za kufamase n'zotchipa kwambiri ndipo umboni wake ndi wochuluka. Koma ziphuphu zikuluzikulu zakuya, zopweteka, zimakumba maenje m'masaya mwezi uliwonse umene mukuyembekeza. Zimenezo zimafuna dokotala wa khungu, mwina mpaka isotretinoin, mankhwala amphamvu amene amapundula mwana m'mimba ndipo samwedwa popanda kulera kodalirika. Palinso china chimene zithunzi za ku Seoul sizingakuonetseni. Khungu lakuda likapsa, likasendedwa kapena likabayidwa kwambiri limasiya mawanga akuda amene amatenga miyezi kuti afufutike. Chosenda khungu chimene chimayenera mtsikana wa ku Busan chikhoza kusiya wa ku Zomba ndi mawanga oposa ziphuphu zimene anabwera nazo. Funsani wokuthandizaniyo ngati anagwirapo khungu longa lanu.

Zokongoletsa nkhope

Singano za kumaso zochepetsa makwinya zimafewetsa minofu yokungika ndipo nkhope imaoneka yotsitsimuka kwa kanthawi. Zimafuna kubwereza kambirimbiri, ndipo zotsatira zake n'zochepa. Maeseon ndi kulowetsa tiulusi tosungunuka ta PDO, tofanana ndi tosokera mabala pa opaleshoni, pansi pa khungu kuti likungike. Ulusiwo umasungunuka m'miyezi pafupifupi 6. Ukhoza kusiya mikwingwirima, timaenje, kutupa kwa mafinya, kapena kansonga kotulukira kunja. Munthu amene thupi lake limatupitsa zipsera, amene anabooletsa khutu n'kumera chotupa cholimba, kapena amene kwawo zimenezi zilipo, asayandikire ulusi, ndipo asalolenso tteum, kufunditsa kwa chitsamba chofuka, mwa mtundu uja woyatsira pakhungu penipeni. Zipsera zotupazi zimagwira anthu a khungu lakuda kuposa ena.

Ululu wa njuchi

Bongchim ndi jakisoni wa ululu wa njuchi woyeretsedwa ndi kusungunulidwa. Amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ululu wa msana ndi mafupa, koma ena amabaya pa timadazi tozungulira ndi pa nkhope yopotoka. Pa vuto la tsitsi kapena maonekedwe, ine ndikuti ayi. Thupi la munthu wina limadana ndi ululu wa njuchi mwadzidzidzi: kukhosi kutupa, magazi kutsika, kupuma kubanika m'mphindi zochepa, ndipo zikhoza kuchitika ngakhale kwa amene anabayidwapo kale popanda vuto. Mu 2018 mayi wina wa zaka za m'ma 30 anamwalira atabayidwa jakisoni ameneyu mu hanuiwon ina mumzinda wa Bucheon, kumene anapita chifukwa cha msana. Amene waumirira kuyesa aonetsetse kuti amuyeza kaye pakhungu, kuti pamalopo pali jakisoni wa adrenaline wopulumutsira munthu thupi likadana ndi ululuwo, ndi kuti akhala pansi mphindi 30 asanatuluke.

Nkhope yopotoka

Anthu a ku Korea amauza ana awo kuti ukagona pamalo ozizira pakamwa papotoka. Matendawa amawatcha guanwasa, ndipo ndi amodzi mwa amene anthu a kumeneko amathamangira nawo kwa hanuisa asanaganize n'komwe za chipatala china. Munthu amadzuka m'mawa, akati achukuche m'kamwa madzi n'kumatayikira mbali imodzi, diso limodzi likukana kutseka, chakudya chikutsalira m'tsaya. Kwathu ena amathamangira kuganiza za ufiti. Chimene chachitika n'chakuti mtsempha woyendetsa minofu ya kumaso watupa mkati mwa kanjira kopapatiza ka fupa la kuseri kwa khutu, ndipo ukufinyika.

Choyamba si kusankha pakati pa singano ndi mapiritsi, koma kutsimikiza kuti si sitiroko. Pa guanwasa wamba mbali yonse ya nkhope imafooka, chipumi chomwe: munthu sangakweze nsidze ya mbali imeneyo. Pa sitiroko nthawi zambiri chipumi chimachita makwinya bwinobwino, koma pakamwa papotoka, ndipo pangakhale dzanja kapena mwendo wofooka, lilime lolemera, kapena chizungulire. Musadziyeze nokha pagalasi n'kukhutira. Pitani akakuoneni tsiku lomwelo. Matuza m'khutu pamodzi ndi ululu waukulu amaloza ku kachilombo ka mashingozi, ndipo mtundu umenewo umachira movutirapo ndiponso umafuna mankhwala olimbana ndi kachilomboko. M'madera athu ndi bwinonso kuyezetsa shuga ndi HIV, ndipo dokotala amaganiziranso za khate ndi matenda a m'khutu.

Ndiye pali maola 72. Mapiritsi a steroid otchedwa prednisolone akayambidwa m'masiku atatu oyamba amaphwetsa mtsemphawo usanawonongeke. Kafukufuku wamkulu wa ku Scotland amene anatuluka mu 2007 anapeza kuti patapita miyezi itatu, anthu 83 pa 100 alionse omwa prednisolone anali atachira kotheratu, pamene mwa osamwa anali pafupifupi 64. Patapita miyezi 9 anali 94 kwa 82. Singano zilibe umboni wotere. Cochrane itasanthula zofufuza 6 mu 2010 inapeza kuti zinachitidwa mofooka moti sizingatsimikize kanthu. Ndipo popeza anthu ambiri amachira okha ngakhale osalandira chithandizo, aliyense amene wagwira wodwalayo amaoneka ngati katswiri.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ku Korea kwenikweniko ma hanuisa odziwa ntchito sapikisana ndi mfundo imeneyi. M'zipatala za mayunivesite monga za Kyung Hee, madokotala a mbali ziwirizi amagwirira limodzi: wodwala amalandira steroid msanga, amayezedwa mtsempha ndi makina, kenako amapitiriza ndi singano, kusisita ndi masewera a minofu ya kumaso. Boma nalo linaika kufooka kwa mtsempha wa kumaso m'gulu la matenda atatu oyamba amene inshuwalansi inayamba kulipirako hanyak mongoyesa mu November 2020, ndipo ntchitoyo inakulitsidwa mu April 2024. Apa ndi pamene ndimaona kuti njira ziwirizi zikuyenda bwino: chipatala patsogolo m'masiku atatu oyamba, hanuiwon pambuyo m'milungu yaitali yodikira, pamene munthu amafuna womuona kawirikawiri, womuphunzitsa kuyendetsa milomo ndi nsidze, ndi womulimbitsa mtima. Munthu amene nkhope yamupotokera amachita manyazi kutuluka panja, ndipo kukhala ndi poti azipita kawiri kapena katatu pamlungu si chinthu chochepa.

Diso lisaiwalike m'zonsezi. Chikope chosatseka chimasiya diso likuuma, ndipo likhoza kuchita chilonda mpaka kuwonongeka. Masana muzidontheza madzi a m'maso a kufamase pafupipafupi ndi kuvala magalasi pa mphepo ndi fumbi. Usiku pakani mafuta a m'maso, tsekani chikope ndi chala, n'kuchimata ndi kapulasitala kofewa. Diso likafiira, likayamba kupweteka kapena kuona mwachimbuuzi, pitani kwa dokotala wa maso osadikira tsiku la singano.

Ambiri amayamba kuona kusintha m'milungu itatu. Ngati miyezi itatu yatha nkhope isanayambe n'komwe kugwedezeka, kapena ngati kufookako kukukula pang'onopang'ono m'malo mobwera tsiku limodzi, pamafunika kujambula mutu kuti aone ngati palibe chotupa chimene chikufinya mtsempha. Ena akachira amatsala ndi vuto lakuti akamatafuna diso limatsinzina lokha. Pamenepo ma hanuiwon amakonda kupereka ulusi wa maeseon, pamene achipatala amapereka masewera apadera a pagalasi ndi jakisoni wa botulinum wofewetsa mnofu wokokawo. Yambani ndi masewerawo, chifukwa saboola khungu, ndipo musalipiriretu mtolo wa maulendo 20 kapena 30 musanaone mmene asanu oyamba akuyenderani.